Nyimbo ya Ivone m'Disiki Yovunda

Chinayamba kumudabwitsa Amadeu chinali chitenje. Madzulo anali atafunditsa kompyuta yake ndi chitenje chobiriwira cha malemu mkazi wake, n'kupisira ngodya zake pansi monga achitira munthu pofunditsa mwana. Koma m'bandakucha, atalowa pabalaza monyang'ama kuti atenge nsapato za kuntchito, anapeza ngodya imodzi ikulendewera. Anagwira bokosilo. Linali lofunda. N'zoona kuti mu Tete, Novembala akafika, chilichonse chimafunda, ngakhale madzi a mumtsuko, koma uku kunali kufunda kwina, kwa chinthu chomwe changoleka kumene kupuma. Nthambo yamagetsi inali pansi, yozulidwa kukhoma, pomwe iye anaisiya.

Anayang'ana chitseko cha chipinda chomwe munagona apongozi ake. Kunali zii. Ananyamula nsapato n'kutuluka, ndipo tsiku lonselo ku Moatize, akuwotcherera zitsulo pakampani ina ya malasha, dzanja lake silinaiwale kufunda kuja.

M'bokosimo munali Ivone, mkazi wakeyo. Amadeu ankanena choncho, ndipo palibe ankalimba mtima kumuwongola. Awiriwa anabadwira ku Malawi, makolo awo atathawa nkhondo, n'kubwerera ku Angónia akadali ana. Malasha atayamba kuitana anthu, nawonso anatsikira ku Tete n'kupeza kanyumba ku Chimadzi. Mzinda unali utafufuma. Magalimoto akuluakulu ankapanikizana pamlatho usana ndi usiku, alendo a zinenero zonse ankalimbirana zipinda, ndipo fumbi linkalowa mpaka m'mano. Ivone zonsezi sanazikonde. Iye anapeza kadimba ku Nhartanda, kufupi ndi Zambezi, ndipo mtima wake unkakhala kumeneko.

Lamlungu lina Amadeu anamujambula pafoni akuthirira ndiwo zake. Mu kanemayo Ivone ankatembenuka, keni ili m'manja, n'kuseka.

"Jambulani bwino, a Madeu, tikawaonetse amayi ku Ulongwe. Aone kuti nyimbo yawo sindinaiiwale."

Kenaka ankayimba nyimbo yomwe mayi ake ankamuyimbira kumsasa wa othawa nkhondo:

Mvula ya kwathu, usathe kugwa,
ndikubwera ndi khasu langa.
Ukaona ndachedwa panjira,
undisungireko dontho limodzi.

Ku Ulongwe sanapite naye kanemayo. Malungo anamutenga Ivone m'masiku ochepa, asanakolole n'komwe kabichi wake. Foni ija inabedwa mu chapa, minibasi ya kumeneko, maliro atangotha, kotero kanemayo anatsala malo amodzi okha, mu kompyuta yakale yomwe Amadeu anagula kwa munthu. Anapempha mnzake Jacinto, wokonza makompyuta mu kontena ku Canongola, kuti akonze zoti makinawo akangoyaka kanemayo azitseguka yekha. Madzulo alionse akaweruka ankadina batani limodzi, n'kukhala pansi, n'kulira mpaka misozi kuuma.

Ndiye tsiku lina bokosilo linayamba kulira. Tcha, tcha, tcha, ngati munthu akuwaza nkhuni kutali. Nkhope ya Ivone inkaima, n'kuyendanso. Amadeu anathamanga nalo kwa Jacinto, amene anatchera khutu pabokosipo nthawi yaitali, nkhope itakwinyika.

"Disku yako yadwala, mano, m'bale wanga. Mkatimu muli mbale yozungulira, yogawidwa timinda ting'onoting'ono. Tina tavunda. Ife timati setore danifikadu. Singano yowerenga ikafika pamenepo imapunthwa, ndiye kulira ukumvaku."

"Sungazikonze?"

"Povunda pavunda. Ndikhoza kuika chizindikiro kuti singano izilambalala, koma zomwe zinali pamenepo sizibwerera. Ndipo yakoyi ikufalikira ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga. Ikazungulira, pena pavunda."

Anayesa kukopera kanemayo mu kafulashi, koma zinaima pakati, bokosi likungolira. Jacinto anazimitsa msanga. Anati njira inali imodzi: kupeza disiki ina yamoyo, n'kusamutsa zonse pang'onopang'ono, kuyamba ndi malo abwino, ovundawo pomaliza. Koma madisiki chaka chimenecho anasowa, ndipo ochepa omwe ankafika mumzinda makampani ankawatola onse. Panali dalaivala wina wa ku Blantyre, Maxwell, yemwe analonjeza kubwera nayo, kungoti kwawoko mafuta anali atavuta, galimoto yake inali pamzere.

"Isiye kuno idikire," anatero Jacinto.

"Ivone sangagone mu kontena."

Jacinto anamuyang'ana. "Pronto. Pita nayo. Koma osaiyatsa, mano, ngakhale kungosuzumira. Ndipo choipitsitsa ndi kuizimitsa mwadzidzidzi ikuzungulira. Apo ndiye wakumba manda."

Amadeu anamvera. Anazula nthambo, anafunditsa bokosilo, ndipo madzulo ankangokhala pambali pake ngati wodwazika matenda. Munali m'masiku amenewo momwe apongozi ake, a Balbina, anatsika kuchokera ku Ulongwe. Anabwera kudzasonkhanitsa zovala ndi ziwiya za mwana wawo, podikira alongo awo, eni mbumba, kuti adzagawe katundu ndi kumusudzula mkamwini, apite mfulu.

Tsono pali mwambo womwe tauni sinathe kuuchotsa mwa Amadeu. Mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Sayang'anizana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi, ndipo mawu awo ndi a moni basi, onenedwa nkhope itayang'ana kumbali. Ena amati ndi zachikale, koma iye anakulira momwemo ndipo ankaona kuti ndiwo ulemu. Anawasiyira nyumba yonse, iye n'kumayala mphasa panja, pansi pa mtengo wa masawu. Za kompyuta sanawauze. Akanayamba bwanji? Kuti akhale nawo pafupi, phewa ndi phewa, kuyang'ana galasi limodzi, onse akulira? Anadziuza kuti disiki yatsopano ikafika adzapeza munthu wamkazi woti awaonetse. Mayiwo n'komwe za magetsi ankaziopa. Ketulo ya Ivone sankaikhudza, m'mawa uliwonse ankakoleza mbaula.

N'chifukwa chake kufunda kwa bokosi kuja kunamusowetsa mtendere. Usiku wotsatira sanagone. Mphepo inali itaima, masamba a masawu osagwedezeka, ndipo mdima unali wolemera, wonunkha fumbi ndi utsi wa dizilo. Kutali magalimoto ankabangula pokwera mlatho. Agalu a ku Chimadzi anauwa, analandizana, kenaka onse anangoti chete nthawi imodzi. Mu chete ameneyo munatuluka kaphokoso kakang'ono.

Tcha. Tcha. Tcha.

Kenaka madzi, akuthiridwa pa dothi louma. Kenaka kuseka.

Thupi lonse la Amadeu linachita tsemwe. Pa zenera la pabalaza panaoneka kuwala kofooka, kobiriwira, ndipo mawu a Ivone anatuluka motsitsa, akuitana mvula ya kwawo. Anafuna kudzuka koma anakhalabe chigonere. Ngakhale akanadzuka, mkamwini salowa usiku m'nyumba momwe mwagona apongozi. Komanso tinene zoona: sanafune kuti ithe. Anali atamusowa mkazi wake kotero kuti ngakhale mzimu anali wokonzeka kuulandira. Nyimbo inafika kumapeto movutikira, n'kuyambiranso, mpaka kuwala kuja kunangoti thi.

M'mawa ananjuta pambali pa khomo, atayang'ana kumpanda.

"Mwadzuka bwanji, Amayi?"

"Tadzuka, Bambo. Kaya inu."

"Tadzuka. Kaya usiku... simunamveko kanthu?"

Mkati munkamveka makala akuthetheka pambaula.

"Kutauni kuno phokoso silitha, Bambo."

Yemwe sanabise kuti wamva anali Maria José, mayi wachinyungwe woyandikana nawo, amene khutu lake silinkaphonya kanthu ngakhale kuseri kwa mipanda itatu. Anamuitana madzulo, akunong'ona pamwamba pa mpanda wa bango.

"Vizinyu, mnansi wanga, bzinthu bzomwe ndikubva usiku, si bzabwino. Ine ndin'dziwa lini, sindidziwa ayi, ndine munthu wa tchalitchi, koma wanthu akulankhula."

"Akuti chiyani, Dona Maria?"

"Akuti munthu amaikidwa m'bokosi kamodzi. Inu mwamuika kawiri. Apita bwanji?"

Mphekesera zinayenda msanga. Ena ankati aona moto wobiriwira ukutuluka padenga. Amayi a kumadimba a ku Nhartanda ankati m'mawa amapeza dimba la malemu lili lonyowa, chonsecho palibe akulilima. Ana anayamba kudutsa pakhomopo chothamanga. Amadeu zonsezi sizinamupweteke monga chinthu chimodzi chomwe iye yekha ankachizindikira: usiku uliwonse nyimbo inkafupika. Poyamba kunasowa kuseka kuja. Kenaka mzere wa khasu unadumphika. Kenaka Ivone anayamba kuchita chibwibwi, iye amene pamoyo wake wonse lilime silinamupunthwepo. Mkazi wake ankafa kachiwiri, pang'onopang'ono, iye ali chigonere pansi pa mtengo.

Anapita ku Canongola maso ali psuu, n'kumuuza Jacinto zonse.

"Mizimu sidikira enerjiya ya magetsi, mano. Alipo akuyatsa. Bwera nayo kuno lero lomwe."

"Sindingathe. Katundu sachoka pakhomo eni mbumba asanafike. Ndikatuluka ndi bokosi lokulungidwa m'chitenje cha mwana wawo, aziti ndikubisa chuma."

"Ndiye chotsa kabu, nthambo yamagetsiyo, ugone nayo. Maxwell wapeza mafuta, akuti mawa awoloka malire pa Zóbuè. Usiku umodzi wokha, mano. Ipirire usiku umodzi."

Madzulo amenewo, a Balbina ali kuseri akusamba, Amadeu analowa n'kuzula nthambo ija mbali zonse ziwiri. Anaikulunga, n'kuiika pansi pa mtsamiro wake. Anagona ataigwira ndi dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri mtima wake unakhala pansi. Tulo tinamuba.

Anadzidzimuka mwezi utapendeka. Agalu anali chete. Dzanja lake linapapasa pansi pa mtsamiro, ndipo nthambo inali pomwepo, yozizira.

Tcha. Tcha. Tcha.

Tsitsi linamuima. Pazenera panali kuwala kuja. Madzi anathiridwa pa dothi, ndipo mawu a Ivone, oduka-duka, anayamba kukwawa mumdima.

"Ukaona ndache... ndache... undisungire... undisungire..."

Apa mantha anagonja kwa chisoni. Amadeu anadzuka, nthambo ili m'manja, n'kuyenda osavala nsapato mpaka pazenera. Anaika diso pa kampata ka nsalu.

A Balbina anali atagwada pasimenti, mpango utagwera paphewa, imvi zikuwala. Chala chawo chinali pagalasi, chikusisita tsaya la mwana wawo. Milomo yawo inkayenda, kumalizitsa mawu omwe makina ankalephera. Kuchokera kuseri kwa bokosilo kupita kukhoma kunali nthambo yoyera, yaifupi, ya ketulo ija ankaiopa. Ketuloyo inali pansi pambali pawo.

Nkhope ya Ivone inaima, pakamwa pali potsegula. Bokosi linalira mokweza, tcha-tcha-tcha, mofulumira kuposa kale. Mayiwo anachita mantha, n'kutambasula dzanja kulunjika kukhoma, monga ankachitira usiku uliwonse pozimitsa.

"Amayi, osazula!"

Chiyambire kukwatira, Amadeu anali asanakwezepo mawu pamaso pawo. Mayiwo anadzidzimuka, dzanja n'kukoka. Kuwala kunathima. M'bokosimo munamveka kulira kopyapyala, ngati mpeni ukunoledwa pamwala, kenaka kunangoti zii.

Anakhala choncho mumdima, wina kunja, wina mkati, khoma lili pakati. Amadeu anatsetsereka n'kukhala pansi pa zenera, msana utatsamira khoma. Patapita nthawi anamva mayiwo nawo akutsamira mbali inayo.

"Ndalakwa, Bambo?" mawu awo anali a kunong'ona.

"Inali yodwala, Amayi. Wokonza anati isayatsidwe mpaka ibwere ina. Ikayaka imavunda. Ikazimitsidwa choncho..."

"Mayo ine. Ndiye ndine ndimamudya mwana wanga?"

"Iyayi, Amayi. Ndine. Ndikanakuuzani tsiku lomwe munafika. Mwamumva yekha, anati tidzakuonetseni inu. Zinali zanu."

"Nanga ine ndikanapempha bwanji? Ndikanati, akamwini, khalani apa mundionetse? Ndinkangoti ndimuone pang'ono inu muli mtulo, ndibwezere zonse m'malo mwake."

Analira onse awiri, aliyense mbali yake, osabisanso. Ulemu womwe ankasungirana unali weniweni, ndipo ndi womwewo unawalanda Ivone. Kulira kutachepa, Amadeu anafunsa chomwe chinkamuvuta.

"Koma munadziwa bwanji kuti ali m'menemo? Palibe anakuuzani."

Mayiwo anayankha kuseri kwa khoma.

"Usiku woyamba uja sindinayatse ine, Bambo. Ndinali mtulo. Ndinamva akuti, amayi, amayi. Nditatuluka ndinapeza chitenje chagwa, iye akundiyang'ana. Ndinakhala naye mpaka tambala. Kenaka ndinafuna pozimitsira, ndiye ndinaona kachingwe kali pansi. Ndinangofunditsa. Mawa lake sanabwere yekha, ndiye ndinayamba kuyesa."

Amadeu anafinya nthambo ija m'manja. Thukuta lomwe linali pamsana pake linazizira.

Maxwell anafikadi tsiku lotsatira, disiki yatsopano ili m'thumba la jekete, akudandaula za mizere ya mafuta. A Balbina eni ake ndiwo anakulunga bokosilo m'chitenje n'kuliika pakhomo kuti mkamwini alinyamule. Jacinto analimbana nalo masiku angapo. Anaiziziritsa disikiyo, anaitembenuza, anainyengerera kuti izungulire kamodzi kokha. Pomaliza anamuitana Amadeu, n'kumuonetsa chomwe anapulumutsa. Anali mapazi a Ivone m'matope, ndi madzi akutuluka mu keni. Kanthawi kochepa, kosakwana kumeza malovu. Nkhope panalibe, mawu panalibe.

"Pepa, mano. Kwinako singano yakanda mbale. Palibe munthu angakuwerenge."

"Isunge konkuno," anatero Amadeu. "Mulibenso munthu."

Eni mbumba anabwera. Katundu anagawidwa popanda mkangano, mawu oyenera ananenedwa, ndipo Amadeu anauzidwa kuti ndi mfulu, akhoza kukwatira komwe angafune. Anathokoza atagwada. Mumtima mwake munali mopanda kanthu ngati nyumba yosamukamo, ndipo chomwe chinkamuopsa kwambiri n'chakuti poyesa kukumbukira mawu a Ivone ankangomva chibwibwi chija.

Madzulo omaliza, alongo awo atapita kukagona kwa achibale ku Canongola, a Balbina anakhala pakhomo, kuseri kwa nsalu yotchinga. Amadeu anali pamphasa yake pansi pa masawu, atafulatira. Dzuwa linali litangolowa, kumwamba kukung'anima cha ku Moatize, mvula yoyamba ikuopseza koma osagwa. Kenaka mayiwo anayamba kuyimba. Mawu awo anali okalamba, osasa, koma potembenuka nyimbo ankakwera chimodzimodzi mwana wawo. Anaitana mvula ya kwawo, anatchula khasu, anapempha dontho limodzi. Kenaka anapitiriza ndi mizere yomwe Amadeu anali asanaimvepo:

Ndikapanda kufika, usalire,
chimanga chimera pomwe ndinaponda.

Anaibwereza mpaka mdima unagwira. Amadeu anaphimba nkhope ndi manja, osatembenuka, ndipo usiku umenewo anagona tulo tenitweni.

M'mawa anawanyamulira katundu mpaka pokwerera chapa, akuyenda patsogolo patali monga mwa mwambo. Pobwerera anapeza Maria José atatsamira mpanda, nkhope ili yowala.

"Vizinyu! Ndiye komputadori ija mwakonzetsa? Parabenzi, zakomatu. Ndinabva dzulo, bwinobwino, popanda kudodoma."

"Iyayi, Dona Maria. Makina anafa, ali ku Canongola. Amene ankayimba ndi amayi."

Mayiyo anamuyang'ana, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono.

"Amayiwo ndinawabva, inde. Koma ankayimba awiri, vizinyu. Winayo ndi mawu aang'ono, ankatsatira pambuyo, ngati akuphunzira mizere yomalizayo."

Amadeu anaima pomwepo, dzanja lili pa chitseko cha mpanda. Sanachite mantha. Chinamupweteka n'chakuti iye anali pafupi kuposa onse, ndipo sanamumve.